Akazi a M'nyanja pa Khoma la Mayi Despina

A Overtone Mkwaila ndinawadziwira kutchalitchi, muholo ya sukulu ina ku Etobicoke, kuno kunja m'chigawo cha Ontario, imene ife Amalawi ndi anzathu a ku Zambia timabwereka Lamlungu masana. Anali munthu wamtali, wamapewa otambalala, wosafulumira kuyankhula. Kwawo kunali ku Bilira, m'boma la Ntcheu, ndipo asanabwere kuno anaphunzitsapo zojambulajambula pasekondale ina ku Balaka. Anafika mu 2009 potsatira akazi awo, a Mirriam, amene anapeza ntchito ya unamwino. Mwana wawo anali mmodzi yekha, Lindiwe, ndipo pobwera n'kuti ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi.

Mapepala awo a uphunzitsi sanagwire ntchito kuno. Anauzidwa kuti ayambe abwerera kusukulu, koma iwo anaona kuti banja silingadikire zimenezo. Amene anawapezera ntchito ndi Boniface, mnzathu wa ku Lusaka, yemwe ankagwira pakampani ina yaing'ono yodula miyala yoyala pamwamba pa makabati a kukhitchini. Malowo anali kuseri kwa nyumba zosungiramo katundu, pafupi ndi bwalo la ndege, moti ndege zinkadutsa chapansipansi mphindi zochepa zilizonse n'kumanjenjemeretsa malata.

Miyala yake yambiri sinali yokumba kuphiri. Inali yopanga kufakitale, ya miyala yopera yosakaniza ndi zomatira, yosalala ndi yolemera kwambiri. Makina aakulu ankadula akuthira madzi, koma kusalaza m'mbali ndi kuboola malo a sinki ankachita pamanja, ndi galainda, mwala uli wouma. Madzi ankachedwetsa ntchito, komanso nthawi yozizira ankaundana pansi anthu n'kumaterereka. Fumbi lake linali loyera ndi losalala, ndipo pofika masana aliyense ankakhala atachita imvi mpaka m'nsidze. Ankavala timamasiki tapepala, tsiku lina osavala n'komwe chifukwa cha kutentha.

"Ba Overtone, iyi dasiti izatipaya," ankatero Boniface m'Chinyanja chake cha ku Lusaka, onse n'kuseka.

A Overtone ankaidziwa ntchito. Dzanja lawo linali lowongoka, ndipo ntchito yovuta iliyonse bwana ankawapatsa iwo. Anakhala pamenepo zaka khumi ndi ziwiri, osajambulanso kanthu kupatula tizithunzi ta pamakatoni nthawi yopuma.

Mu Meyi 2021 anawatuma kukaika mwala m'khitchini ya nyumba ina ku Oakville, m'mphepete mwa nyanja ya Ontario. Mwini nyumbayo anali Mayi Despina, wamasiye wa zaka zoposa makumi asanu ndi atatu, wamfupi, woyendera ndodo. Anabadwira pachilumba china ku Greece n'kubwera kuno ali mtsikana. Masana a tsikulo anawapeza a Overtone atakhala pamasitepe akudya buledi, uku akujambula mbalame za panyanja pachidutswa cha katoni. Anayang'ana kwa nthawi, kenaka analowa m'nyumba n'kutuluka ndi buku lalikulu la zithunzi lothothoka chikuto.

M'bukumo munali zithunzi za mbiya zakale, ziboliboli za mwala ndi pansi pa nyumba zamakedzana. Paliponse panali akazi ali panyanja. Ena anakwera nyama ija amati dolofini, ena anakwera hatchi ya mchira wa nsomba, nsalu zawo zikuuluka kumbuyo. Panalinso ziboliboli zoduka mitu, zovala zake zitamatirira pathupi ngati munthu amene wangovuuka kumene.

Mayi Despina anawafotokozera m'Chingerezi chawo cholemera kuti amenewa ndi Anereidi, ana aakazi makumi asanu a nkhalamba ya pansi pa nyanja, malinga ndi nthano za makolo awo. Anati asawasokoneze ndi akazi a mchira wa nsomba aja, chifukwa awa ali ndi miyendo ngati ife, ndipo sakopa amuna kuti amire. Ntchito yawo inali kuthandiza amalinyero namondwe akauka. Anthu akale ankawasemanso pamabokosi amwala oikamo maliro.

"Ndili ndi khoma lopanda kanthu," anatero. "Kodi mungawaike pamenepo? Ndi timiyala, ngati mmene zililimu."

Khomalo linali m'chipinda chamagalasi choyang'ana kunyanja. A Overtone analiyeza ndi tepi n'kunena kuti makumi asanu sangakwane, mwina asanu ndi awiri. Ananenanso zoona, kuti ntchito yomata timiyala, imene amati mozeiki, anangoiwerenga m'mabuku ali kukoleji, sanaigwirepo.

"Ndiye muphunzirira pakhoma langa," anayankha mayiwo.

Kuyambira pamenepo, Loweruka lililonse ankakwera sitima ya m'mamawa pasiteshoni ya Long Branch kupita ku Oakville, atanyamula chikwama cha zidutswa za miyala zotsala kuntchito. Mayi Despina anaitanitsa magalasi obiriwira ndi abuluu a madzi. A Overtone ankayamba ajambula mkazi mmodzi papepala lalikulu, kenaka n'kumabenthula timiyala ndi hamala ndi pulayazi, kamodzikamodzi, n'kumamata ndi simenti. Dzanja limodzi lokha la mkazi linkatha Loweruka lathunthu. Mkazi woyamba anamugumula kawiri asanakhutire naye.

Miyezi imeneyo anthu tinaona kusintha. Munthu amene ankangokhala duu kumbuyo kwa tchalitchi anayamba kucheza, kutionetsa zithunzi pafoni, kutifotokozera chifukwa chake khungu la munthu limafuna mitundu isanu ya miyala. Tsiku lina anandiuza kuti, "Achimwene, chifikireni kuno, aka n'koyamba kudzuka m'mawa ndikufuna kupita kumene ndikupitako."

Atamaliza wachitatu, Mayi Despina anaimirira patsogolo pa khomalo atavala magalasi awo n'kunena kuti, "Akazi awa si Agiriki."

Zinali zoona. Mphuno, milomo ndi masaya zinali za kwathu. A Overtone anachita manyazi, anati sanachitire dala, ndipo akhoza kukonza. Mayiwo anakana. Anati awasiye choncho, awakonda.

Chifuwa chinayamba chakumapeto kwa 2022. Chinali chouma, chosatulutsa kanthu. Anamwa ndimu ndi jinja, osasintha. Kenaka anayamba kupumira pakati pokwera masitepe a pasiteshoni. A Mirriam anawakakamiza kupita kuchipatala. Poyamba madokotala anaganizira chifuwa chachikulu, anawayeza kangapo osachipeza. Atawajambula m'chifuwa ndi makina aakulu, dokotala wa mapapo anawafunsa ntchito imene amagwira. Atamva, anaika cholembera pansi. Anati fumbi la miyala lija linalowa m'mapapo n'kupanga zipsera, mapapowo akuuma, ndipo nthendayo, imene anaitchula kuti silikosisi, ilibe mankhwala oichiza. Chimene chikanathandiza n'kuwaika mapapo ena, ngati angapezeke. Anawauza kuti asakapondenso kuntchito kuja.

A Mirriam anamvetsa zonse kuposa mwini wake, chifukwa zithunzi zotero anali ataziona pantchito yawo. Anapitiriza kugwira ntchito, kuphika, kuchapa, kuwaperekeza amuna awo kuchipatala. Anaonda. Ndiye mayi wina wa kutchalitchi anawatengera kumapemphero a Lachisanu ku Markham, m'chipinda chapansi cha nyumba ya munthu wina wotchedwa Ambrose, amene anthu ankamuitana kuti mtumiki.

Pa nthawiyo chithunzi cha khoma lija chinali chitafika kale pagulu lathu la WhatsApp. Lindiwe ndiye anachitumiza, ponyadira bambo ake. Anthu anachikulitsa pafoni n'kuona chimene a Overtone eni ake mwina sanachione bwino: mkazi wachinayi, wokwera hatchi ya mchira wa nsomba, anali ndi nkhope ya a Mirriam, ngakhale kampata ka pamano. Nsalu yake inali yonyowa, yomatirira pathupi. Panali kunong'onezana, ndipo a Mirriam anasiya kuima kutsogolo ndi amayi anzawo a kwaya.

Ambrose atachiona chithunzicho sanazengereze. Anati imeneyi ndi mizimu ya pansi pa nyanja, a Overtone anaimangira guwa ndi manja awo, anaperekanso nkhope ya mkazi wawo, ndipo tsopano mizimuyo ikuwamiza ali kumtunda. Anati machiritso alipo, koma khomalo ligumulidwe ndipo mapepala onse atayidwe.

Lamlungu lina titaweruka, a Mirriam anabwera naye Ambrose kunyumba kwawo. Ine ndinalipo chifukwa ndine amene ndinawatenga pagalimoto. A Overtone anali pampando pafupi ndi zenera, kapaipi ka okosijeni kali m'mphuno. Anamvetsera mpaka mlendoyo anamaliza.

"Mwamaliza, abusa?" anafunsa. Anapuma kaye. "Fumbi ndinayamba kulipuma mu 2010. Akazi mukunenawo ndawadziwa dzanadzanali. Nanga zaka zonse zija ankandimiza ndani?"

Ambrose anati Satana amadziwa kukonza njira yake pasadakhale.

"Bambo a Lindiwe," anatero a Mirriam, "ine sindikuti adokotala ananama. Zithunzi zija ndinaziona. Koma kuchipatala atiuza kuti palibe chimene angachite. Ndiye tingokhala? Tiyese izi. Ndi miyala chabe."

"Ngati ndi miyala chabe, mukuiopa chiyani?"

"Ndikuopa kutsala ndekha."

Lindiwe, amene anabwera kuchokera kuyunivesite kumapeto a sabata imeneyo, anali ataima pakhomo la kukhitchini. Chichewa amamva koma sayankhula kwenikweni. Anati, "Mum, you're a nurse." Mayi ake sanamuyang'ane.

A Overtone anati khomalo si lawo, ndi la mwini nyumba, ndipo ngakhale likanakhala lawo sakanaligumula. Anathokoza Ambrose chifukwa chobwera n'kupempha kuti akagone.

Lachiwiri lotsatira, a Overtone ali kuchipatala ndi ine, a Mirriam anasonkhanitsa mapepala onse, zojambula za zaka ziwiri, kuphatikizapo za akazi awiri amene anali asanaikidwe pakhoma. Anazing'amba n'kukaponya m'bini ya panja, galimoto ya zinyalala n'kutenga tsiku lomwelo. A Overtone atabwera anatsegula kabati, anayang'ana, n'kutseka. Sanakalipe, mpweya wokalipira analibe. M'nyumbamo munatha pafupifupi mwezi anthu awiriwo akungoyankhulana za mankhwala ndi chakudya.

Alendo anachepa. Ena ankabwera koma osalandira ngakhale tiyi. Mayi wina anauza ana ake kuti asagwire chilichonse m'nyumbamo. Nanenso ndiulule, ndinatha masabata asanu osapitako. Sindinkakhulupirira za Ambrose, koma kunyumba kwanga nako nkhaniyo inali itafika, ndipo ndinasankha mtendere wa m'nyumba mwanga.

A Overtone anandiimbira okha, mu Juni 2023. "Achimwene, kodi Loweruka muli ndi zochita? Sitima sindingathenso. Mungandi-drope ku Oakville?"

Ndinapita. Tinakweza botolo la okosijeni kumpando wakumbuyo. Njira yonse sanatchule za kusowa kwanga, ankangofunsa za ana ndi za ntchito yanga ku Markham. Kwa ine aka kanali koyamba kuliona khomalo ndi maso. Akazi asanu anali atatha. Madzi ake ankaoneka ngati akuyenda munthu ukasuntha. Wachisanu anali atanyamula chisoti cha nkhondo m'manja. Kumapeto kunali simenti yokhayokha, pamene a Overtone anayamba kulemba ndi makala, kuchokera m'mutu, mkazi wachisanu ndi chimodzi.

Kubenthula miyala sakanathanso, ndipo dokotala anali atawaletsa. Anagwiritsa ntchito timiyala tobenthula kale timene tinatsala m'zitini. Ankakhala pampando, kumata tisanu kapena tisanu ndi kamodzi, kenaka kutsamira khoma maso atatseka mpaka mpweya ubwerere. Pa ola limodzi anamaliza kachigawo kosaposa chikhatho.

Mayi Despina anatibweretsera khofi wowawa m'timakapu ting'onoting'ono n'kukhala nafe. A Overtone anawauza zonse, za Ambrose ndi za mapepala. Mayiwo anatulutsa kamtanda kamene anavala m'khosi n'kutionetsa.

"Ine ndimapemphera kwa Khristu, ngati inu," anatero. "Awa sindiwapempha kanthu. Ndi zithunzi za kwathu basi. Bambo anga anamira ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, bwato lawo silinapezeke. Palibe anawathandiza."

Analoza wa chisoti uja n'kunena kuti m'nthanozo ameneyu anali ndi mwana wamwamuna, msilikali. Anadziwa kuti mwanayo adzafera kunkhondo, anamubweretsera zida zabwino koposa, koma anafabe. Tsiku la maliro azichemwali ake onse anavuuka m'nyanja kudzalira naye pagombe.

"Zimenezo n'zimene anatha kuchita," anatero. "Ngati khomali likukupwetekani kunyumba, lisiyeni. Asanu andikwanira."

A Overtone anapukusa mutu n'kupempha kuti ndiwasendezere chitini cha timiyala tofiirira.

Tinapitako Loweruka lililonse, maulendo asanu ndi atatu. Mkazi wachisanu ndi chimodzi anafika pokhala ndi mkono umodzi, phewa ndi theka la tsitsi. A Mirriam ankadziwa kumene tikupita. Sanaletse, ndipo kuyambira ulendo wachitatu anayamba kutiikira chakudya m'kontena ndi kuona ngati botolo lili lodzaza. Kwa Ambrose anasiya kupita pamene iye ananena pagulu kuti a Overtone adzafa chifukwa cha kuuma mutu.

Mu Seputembala Mayi Despina anagwa kubafa n'kuthyoka fupa la m'chiuno. Ana awo, amene amakhala kutali, anawapititsa kunyumba yosamalirako okalamba, ndipo nyumba ya ku Oakville anaiika pamalonda. Mwana wawo wamkulu anaimba foni mwaulemu kuti tikatenge zida. Ndinapita ndekha. Ndinabwera ndi hamala, pulayazi, zitini zinayi ndi buku lija, limene mayiwo analamula kuti liperekedwe kwa a Overtone.

Nyengo yozizira imeneyo a Overtone anali munthu wa pabedi. Dzina lawo linali pamndandanda wa odikira mapapo, ndipo foni inkagona pamtsamiro. Thupi lija linatha, mapewa anatsala mafupa. Kuyenda kuchoka pabedi kukafika kuchimbudzi unali ulendo wopumira kawiri. Boniface ankabwera Lachinayi lililonse kudzawameta ndevu. Iyenso anali atapita kukajambulitsa, ndipo anamupeza ndi timadontho m'mapapo onse awiri. Anasiya ntchito ija, pano amayendetsa galimoto yonyamula maphukusi. Akuluakulu oona za chitetezo cha antchito anakayendera kampani ija, ndipo tinamva kuti tsopano amadula ndi madzi paliponse.

Mu Febuluwale 2024 chibayo chinawagwira. Anagonekedwa m'chipinda cha odwala kwambiri, atawaphimba kumaso ndi chigoba cha mpweya. Tsiku lachinayi masana ndinali kumeneko pamodzi ndi Lindiwe pamene a Mirriam anasendera pafupi ndi khutu lawo.

"Bambo a Lindiwe, mapepala aja ndinalakwa. Mundikhululukire."

A Overtone anatsegula maso n'kuwayang'ana. Milomo inagwedera mkati mwa chigobacho, koma makina ankasokosa ndipo palibe anamva chimene ananena. A Mirriam anafunsa Lindiwe ngati wamva, iye anapukusa mutu. Anafunsa ine, inenso sindinamve. Sanatsegulenso maso. Anamwalira mawa lake, cha m'ma teni koloko m'mawa, ali ndi zaka makumi asanu ndi zinayi.

Tinawaika konkuno, monga anapempha okha, kuti akazi awo ndi mwana asamavutike kukaona manda. Kunazizira koopsa, nthaka anachita kukumba ndi makina. Anthu anabwera ambiri, ngakhale aja ankakana tiyi, ndipo anaimba bwino. Achibale a ku Bilira anaonera mwambowo pafoni imene mnzathu wina anaigwira m'mwamba mpaka dzanja linachita dzanzi. Mayi Despina sanathe kubwera. Ndinamva kuti anamwalira mu Epulo.

Mu Juni a Mirriam anandiimbira kuti akufuna ndiwaperekeze ku Oakville. Khomalo anali asanalionepo ndi maso, ankangolidziwira pafoni. Tinanyamuka m'mawa, iwo atavala kale yunifolomu mkati mwa jekete chifukwa anali ndi ntchito masana.

Anatitsegulira bambo wina wachinyamata atanyamula khanda. Ndinafotokoza kuti ndife ndani. Anamvetsera bwinobwino, ndipo nkhope yake inasintha. Anati pepani kwambiri, chipinda chamagalasi chija chinali chodontha, anachigwetsa mu Malichi kuti akulitse nyumba. Anati iye ndi mkazi wake anachikonda chithunzicho, anafunsa amisiri ngati chingachotsedwe chathunthu, koma anawauza kuti chinamatidwa pakhoma penipeni ndipo chingangophwanyika. Zogumukazo zinapita ndi lole. Anatipempha kuti tilowe timwe kanthu.

A Mirriam anafunsa ngati angaone pamene panali khomalo. Anatizungulitsa kuseri. Panali matabwa atsopano ndi mapepala apulasitiki akukupiza ndi mphepo ya kunyanja, amisiri awiri akukhoma misomali. Anaima pamenepo mphindi zingapo manja ali m'matumba a jekete. Anayang'ana pansi, m'maudzu ndi m'mbali mwa maziko, koma malowo anali atasesedwa bwino.

Anathokoza bamboyo, anagwira kaphazi ka khandalo, n'kubwerera kugalimoto. Pamsewu waukulu panali mzere wautali chifukwa cha ngozi, ndiye anaimbira kuntchito kwawo kuti achedwa pang'ono. Ndinawatsitsa pakhomo la chipatala itangodutsa 3 koloko.